Mkanjo wa Mayi Pyo

Amuna a mayi Pyo Mal-sun anavomera zopita kutchalitchi m'mawa wina ali pakati pochotsa minga ya nsomba m'mano. Sanavomere mwaulemu ayi. Anangoti, "Pa Pasaka ndibwera, ndidzamve phokoso limene wakhala ukundidyetsera mpunga wozizira moyo wanga wonse." Atatero anapempha madzi akumwa.

Mayi Pyo anapita kukatunga madziwo. Zaka zoposa makumi anayi anali atapempherera mawu amenewa m'mapemphero a mbandakucha, kuzizire kutenthe. Anakhalitsa dala kukhitchini kuti amuna awo asaone misozi, chifukwa a Gil Deok-pal anali munthu woti akaona kuti wakusangalatsa, amabweza mawu.

A Gil anali msodzi wopuma, mwana wachisamba kwawo, ndipo gome la makolo linali m'manja mwawo. Likafika tsiku lokumbukira akufa ankayala mpunga, nsomba, zipatso ndi mowa, abale onse n'kugwada mphumi mpaka pansi. Akazi awo ankaphika zonsezo, koma kugwada ankakana. Nkhondo ya m'nyumba imeneyo inali yomweyi. Mabuku awiri a nyimbo a mayi Pyo anathera pamoto. Chaka china cha chisanu choopsa a Gil anawatsekera kunja mwana wawo Jin-tae ali kumsana, chifukwa anachedwa kokonzekera nyimbo za kwaya.

Koma mayi Pyo anali ndi chikhulupiriro chawochawo chimene sanauzepo ngakhale abusa. Ulaliki sungamuthe munthu uyu, ankatero mumtima. Paja ali mnyamata anaima padoko, nsomba zikumufera m'bwato, kumvetsera mtsikana amene ankaimba akutumbula nsomba, ndipo mtsikanayo anali iwo. Akadzangowaona atavala mkanjo wa kwaya, ataima mzere woyamba, mawu awo akukwera pamwamba pa anzawo onse, bambo a Jin-tae adzagonja okha. Chimene ankafuna chinali chomwecho basi: amuna awo awamve akuimba m'nyumba ya Mulungu, ngakhale kamodzi kokha.

Tsono tinene zoona, poti kutchalitchi chawo cha pamtunda, choyang'ana doko la Mokpo, kunalibe amene akanalimba mtima n'kuzinena. Mawu a mayi Pyo aja anali atatha. Kale analidi okoma, anthu ankawaitana mpaka m'maukwati a mipingo ina. Tsopano ankanjenjemera, ankaterereka akafika pamwamba, ndipo poti khutu lawo lakumanzere linali litagontha, mayi Pyo ankakweza kwambiri kuti adzimve okha. Ankayamba mochedwa n'kumaliza mochedwa. Anzawo onse akatseka pakamwa pa Ameni, iwo ankatsala okha akukoka, maso ali kudenga. Achinyamata a m'kwaya anawatcha Sitima ya ku Jeju, chifukwa cha hutala ija imalira sitima yopita kuchilumbacho ikamachoka padoko.

Nanga akanawauza ndani? Anali a Kwonsa, udindo umene mayi amaupeza tsitsi litayera ndi kutumikira, ndipo a Kwonsa sauzidwa kuti aphonya. Njerwa za tchalitchicho anasenzako pamutu pawo. Chakudya chimene kwaya inkadya ikamaliza kuimba chinkachokera m'mapoto awo. Ndipo nawonso sanali mwanawankhosa ayi. Mpando woyamba wa sopulano unali wawo, wongoikapo chikwama mosadziwa ankamva zakezake. Mtsikana wina dzina lake Seul-gi, wa mawu oyera bwino, anamuliza pamaso pa anthu chifukwa cha mafuta onunkhira. "Kuno tabwera kwa Mulungu, mwanawe, sitinabwere kudzasaka amuna," anamuuza, n'kumusamutsira mzere wa kumbuyo kwenikweni.

Chaka chimenecho mpingo unali utalemba woimbitsa kwaya watsopano, a Yeom Tae-gyu, mnyamata wophunzira nyimbo kunja, wa zala zazitali ndi tsitsi logwera m'maso. Anabwera ndi nyimbo yaitali ya Pasaka, ya zigawo zambiri, yoyambira m'munda momwe Ambuye anagwidwa mpaka kumanda apululu. Lamulungu lililonse masana, anthu akatha kudya, kwaya inkatsala kuiphunzira. Ndipo Lamulungu lililonse a Yeom ankaimitsa limba pamalo amodzimodzi, n'kutseka maso ngati munthu wa dzino lowawa.

"A Kwonsa," anatero tsiku lina atawerama kwambiri, "mawu anuwa ndi chuma cha mpingo. Bwanji tiwasunge? Chigawo chofewachi muziimbira mumtima, Mulungu amamva ndithu."

"Aphunzitsi," anayankha mayi Pyo, "Mulungu anandipatsa mmero kuti ndiziimbira. Akanafuna zosunga akanandipatsa firiji."

Mabesi anaseka mobisa. A Yeom anafiira mpaka m'makutu.

"Komanso," anapitiriza mayi Pyo akuimirira, "poti mwandipatsa mpata, imvani nonse. Bambo a Jin-tae akubwera pa Pasaka. Akuti akufuna adzandimve."

"Aleluya!" anakuwa mayi Ok Bun-i, mnzawo wa zaka zambiri amene ankakhala nawo moyandikana. "Akulu anga, a Gil omwe aja? Aja anathamangitsa abusa akale ndi ndowa ya madzi a nsomba?"

"Omwewo, mng'ono wanga."

Anthu anaomba m'manja, ena anapukuta misozi. Mayi Pyo, pokhala otanganidwa ndi kulandira manja a anzawo, sanaone mmene a Yeom anayang'anirana ndi a Bong, mkulu wa mpingo amene ankayang'anira kwaya. A Bong anali ataitana alendo ochokera kumipingo ikuluikulu kuti adzamve nyimboyo, ndipo anali atagula kale makina atsopano ojambulira.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinasintha mokoma. A Yeom anasiya kuimitsa limba. Mayi Pyo akakoka Ameni wawo, iwo ankangomwetulira n'kudikira. Achinyamata anayamba kuwanyamulira chikwama. Seul-gi yemwe uja anawabweretsera tiyi wa uchi, akuti ndi wofewetsa kukhosi. Munthu wochenjera akanachita mantha ndi chikondi chobwera pamodzi chotere, koma mayi Pyo anaona ngati ndi Mulungu amene akusalaza njira.

"Akulu," anafunsa mayi Ok tsiku lina akutsuka mbale, "kodi kwaya munalowa chaka chiti kwenikweni?"

"Wafunsiranji?"

"Ayi, timangotsutsana ndi anzanga. Ena akuti ndinu woyamba, ena akuti ayi."

"Auze kuti ine ndinalowa tchalitchi chikadali cha malata, iwo akuyamwa," anatero mayi Pyo, ndipo anatchula chakacho monyadira, mwezi womwe.

Kunyumba ankaimba kuyambira m'mawa. Ankaimba akutsuka mpunga, akuyanika zovala, akusita jekete ya amuna awo imene inavalidwa komaliza pa ukwati wa Jin-tae. A Gil ankangokweza wailesi ya kanema n'kumadandaula kuti m'nyumba muno munthu sangamve zanyengo. Mayi Pyo sankakhumudwa. Kukhitchini ndi kukhitchini, ankatero mumtima, adikire adzandimve nditavala mkanjo.

M'mawa wa Pasaka analawira kutchalitchi kukawiritsa mazira ogawira anthu, ntchito imene sankalola wina kuitsogolera. Anavala za kukhitchini: buluku lawo lamaluwa la kumsika, lotukumuka m'mawondo, ndi juzi yakale yothimbirira pachifuwa. Mazira anachuluka kuposa zaka zonse, mapoto anachedwa kuwira, ndipo belu linawapeza akukulunga omaliza. Anathamangira m'chipinda cha kwaya thukuta lili kamukamu, anasintha nsapato zokha, n'kugwetsa mkanjo wawo wofiirira pamwamba pa zonsezo. Palibe chachilendo pamenepa. Mkanjo umafika mpaka mu akakolo, ndipo woimba aliyense amadziwa kuti m'kati mwake munthu amavala chilichonse chimene wadzuka nacho.

Mayi Ok anali ataima pakhomo, milomo yopakapaka, tsitsi lochokera kokonzetsa. Anayang'ana buluku lija likubisika.

"Akulu, simusintha?"

"Ndisinthirenji? Andiona ndani m'katimu?"

Mayi Ok anawayandikira. Anawakonza kolala mwachikondi n'kunena kuti tiyeni, anthu akudikira. Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima pa nkhani yonseyi. Mawu awiri okha akanakwana, chipinda chosinthira chinali pomwepo, koma mayiyu anaopa kuwononga chinsinsi cha akuluakulu kuposa kuwononga mnzake.

Tchalitchi chinali chodzaza mpaka m'makonde. Mayi Pyo atakhala pampando wawo woyamba anawaona nthawi yomweyo amuna awo. Olandira alendo anali atawakhazika benchi ya kutsogolo kwenikweni, duwa la mlendo lili pachifuwa, chipewa chili pamawondo, nkhope ili gwa ngati munthu wodikira dokotala. Malo a pambali pawo anali opanda munthu. Mayi Pyo anayesa kukhosi pang'ono, kukonzekera kuimba.

Itakwana nthawi ya nyimbo, a Yeom sanakweze dzanja. M'malo mwake abusa anabwerera paguwa akumwetulira.

"Okondedwa, tisanamve nyimbo ya lero, mpingo uli ndi ngongole ya chikondi. A Kwonsa Pyo Mal-sun, tabwerani kutsogolo kuno."

Mayi Pyo anaganiza kuti ndi za amuna awo. Anatsika mwamanyazi, akuwerama uku ndi uku. A Bong anali ataima kale pakati, atanyamula thabwa losalala la zilembo zagolide, ndipo anayamba kuwerenga ndi mawu a pamaliro. Anatchula chaka chija, mwezi womwe. Anatchula njerwa, anatchula mapoto, anatchula mawu amene anatonthoza amasiye ambiri. Mayi Pyo ankagwedeza mutu, maso akulengeza misozi yachimwemwe. Ndi khutu lawo limodzi anatsala pang'ono kuphonya mzere womaliza.

"Ndipo lero, pa tsiku la kuuka kwa Ambuye, pamene akupuma pa utumiki wa kwaya, mpingo ukuwapatsa ulemu umenewu."

Anthu onse anaimirira n'kuomba m'manja. Mayi Pyo anayang'ana abusa, anayang'ana a Bong, kufuna wina woti amuuze kuti pali cholakwika. Onse ankamwetulira. Mwana wina anawaunjika maluwa m'manja, a Bong anawonjezera thabwa.

"Sindinanene kuti ndikupuma," anatero motsitsa. "A mkulu, nyimbo ya lero yokha. Amuna anga abwera."

"N'chifukwa chake tasankha lero, a Kwonsa," ananong'ona a Bong, mano onse ali panja chifukwa cha ojambula. "Kuti nawo aone ulemu wanu."

Pampingo pamenepo pali mwambo wakuti wopuma pa kwaya amabweza mkanjo paguwa, anzake awiri n'kumuvula pamaso pa anthu, kusonyeza kuti wamaliza bwino ntchito. Mayi Pyo ankaudziwa bwino mwambowu, anali atavulapo ena. Ataona mayi Ok ndi mayi wina akutsika kubwera kwa iwo, anapanikiza maluwa ndi thabwa pachifuwa kuti aphimbe zipi.

"Bun-i, usatero. Ukudziwa zimene ndavala."

"Akulu, musatichititse manyazi," ananong'ona mayi Ok. "Akujambula. Alendo akuona."

"Bun-i, ndakupempha."

"Kwezani manja pang'ono, akulu anga. Sizichedwa."

Akanakuwa. Akanakhala pansi pomwepo n'kukana. Koma munthu amene moyo wake wonse waphunzitsa atsikana ulemu wa m'tchalitchi sangayambe chipongwe paguwa pa tsiku la Pasaka, ndipo amene anakonza zimenezi ankadziwa bwino lomwe. Mayi Pyo anakweza zigongono. Zipi inatsika, mkanjo unachoka m'mapewa, ndipo anatsala ataima pakati pa maluwa oyera a paguwa ndi buluku lawo la kumsika, juzi yothimbirira, kachidutswa ka chikamba cha dzira katamatirira pamkono. Kuomba m'manja kunazilala. Kumbuyo mwana wina anafunsa mokweza ngati agogowo abwera kudzagulitsa nsomba, mayi ake n'kumutseka pakamwa mochedwa. Mayi wina mlendo anatsitsa foni yake, koma ambiri sanatsitse.

Abusa anawayandikizira chimkuzamawu. Wolandira ulemu amayenera kuthokoza, ndipo mawu ake ndi odziwika kale.

"Zikomo," anatero mayi Pyo. "Ine sindinachite kanthu. Ulemerero upite kwa Mulungu."

Anawerama kwa abusa, kwa a Bong, kwa mpingo. Olandira alendo awiri anawagwira m'mikono ngati wodwala n'kukawakhazika pamalo aja opanda munthu, pambali pa amuna awo. Mayi Pyo atakweza maso anaona kuti mu kwaya munalibe mpata. Seul-gi anali atakhala kale pampando woyamba wa sopulano, buku lotsegula, ndipo mzere wonse unali utakonzeka bwinobwino ngati anthu oti anayeserera.

"Ndi zimenezi wavala pamaso pa anthu?" anatero a Gil osatembenuka. "Ine unandiumiriza tayi."

A Yeom anakweza dzanja. Limba linayamba pansipansi, mabesi analowa, kenaka ma aluto. Mayi Pyo ankaidziwa nyimbo yonse pamtima, ndipo atafika malo olowera sopulano thupi lawo linachita zimene linazolowera. Anakoka mpweya, pakamwa panatseguka, liwu linatuluka. Chigongono cha amuna awo chinawapeza m'nthiti.

"Takhala chete, iwe, ndimve."

Anakhala chete. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anaimva kwaya yawo ali kunja kwake, khutu labwino litaloza komweko. Anayembekeza kuti imveka yoperewera, yopanda mutu, kuti anthu ayamba kuyang'anana n'kumafunsa kuti chasowa n'chiyani. Ankafuna zimenezo ndi mtima wonse, Mulungu awakhululukire. Koma nyimboyo inayenda mosalala. Chigawo chofewa chija, cha mayi wolira pansi pa mtanda, chinatuluka chopyapyala, choyera, moti anthu anasiya ngakhale kutsokomola. Pamwamba paja pamene iwo ankalimbana napo masabata onsewa, Seul-gi anangofikapo mosavutika n'kutsika. Mayi Pyo anamva malo alionse amene mawu awo akanakhala, ndipo anamva kuti malowo ndi abwino popanda iwo. Anazindikira kuti mpingo wonse unkadziwa zimenezi kwa zaka, ukudya chakudya chawo n'kumawathokoza.

M'nyimbomo manda anatseguka, malipenga a limba analira, mawu onse anakwera pamodzi mpaka mawindo ananjenjemera. Pa Ameni womaliza a Yeom anafumbata dzanja ndipo kwaya yonse inaduka nthawi imodzi. M'tchalitchi munagwa bata limene mayi Pyo anali asanalimvepo, poti nthawi zonse ankalidzaza ndi iwo.

M'bata limenelo anamva kufwenthera pambali pawo. A Gil Deok-pal, munthu amene sanalire poika mayi awo, anali kulira. Misozi inkatsika m'makwinya n'kugwera pa tayi, ndipo sankaipukuta.

"Make Jin-tae," anatero, "bwanji sunandiuze kuti amaimba chonchi? Zaka zonsezi ine ndimayesa onse amalira ngati mmene umachitira iwe kukhitchini kuja. Ndikanadziwa ndikanabwera kalekale."

Sananene mwachipongwe ayi, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Ananena ndi mtima wonse, ngati munthu amene wapeza chinthu chabwino ndipo akufuna mkazi wake asangalale naye.

"Sabata yamawa ndibweranso," anawonjezera. "Achita bwino kukupumitsa. Uzikhala nane pompano, uzindiuza pamene akuimirira."

Paguwa abusa anali atatambasula manja. Anafunsa ngati alipo mlendo amene nyimboyi yamukhudza, amene akufuna kupereka moyo wake lero, kuti aimirire pomwe ali. A Gil anayang'ana uku ndi uku, anafwenthera, kenaka anaika chipewa chawo pamwamba pa maluwa ndi thabwa zimene zinali m'manja mwa akazi awo.

"Tandigwirira ichi."

Anaimirira. Tchalitchi chinaphulika. Amayi ankalira, a Bong ankaloza ojambula kuti atembenuzire makina kubenchi ya kutsogolo, mayi Ok ankakuwa Aleluya ali mu kwaya, mkanjo wa mnzawo uli chipindire pamiyendo pawo. Abusa anakweza mawu pamwamba pa phokoso lonselo n'kuuza mpingo kuti uyang'ane bwino mayi uyu, uone mmene Mulungu amayankhira pemphero la munthu wokhulupirika.

Mpingo wonse unatembenuka kuwayang'ana. Mayi Pyo anafuna kuphimba nkhope, koma manja onse awiri anali odzaza.